Kukatenga Mawu a Amayi ku Lusaka

Ndinanyamuka kwathu ku Mnkhanya Lolemba m'mawa, mwezi wa Seputembala, dzuwa lisanayambe kuluma. Atate anandiperekeza mpaka pamtengo wa bwemba wa kuseri kwa nkhokwe. Kupitirira apo sakanatha, poti maso awo anali atachita ng'ala. M'chikwama munali malaya amodzi osinthira, mtedza wokazinga, ndi kalata ya aphunzitsi a Mulenga imene ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki ngati mankhwala.

"Ukafika kumeneko usakamenye munthu," anatero atate.

"Ndikamenya ndani? Sindidziwako aliyense."

"Ndi chimene ndikuopacho. Okudziwa amakupewa."

Chimene chinandiyendetsa ulendowu ndi ichi. A Mulenga, Mbemba wa ku Kasama amene boma linawaponya kusukulu ya kwathu, anapita ku Lusaka patchuthi. Kumeneko analowa m'nyumba ina ya zaluso, mmene amasungiramo mabuku, zithunzi zojambula pamanja ndi nyimbo za makolo. M'kabati ya makadi anapeza khadi lolembedwa kuti: akazi a ku Mnkhanya, nyimbo za pamtondo. Atabwerako anangotchula nkhaniyi pocheza, koma atate anadzuka pamphasa. Anakumbuka kuti kalekale, ine ndikadali wosavala kabudula, kunabwera ophunzira atatu ndi makina ojambulira mawu, ndipo amene ankatsogolera nyimbo tsiku limenelo anali amayi anga.

Amayi anamwalira ine ndili Giredi 2. Chithunzi chawo tilibe. Atate anati, "Nkhope ndinaitaya kale, sindidandaula, maso anapita nayo. Koma tsopano mawu nawonso akundithawa." Chifuwa chimene chinawagwira m'dzinja sichinkatilola kunena zoti chaka chamawa. Choncho ndinapempha mlungu umodzi kuloji ya ku Chinzombo kumene ndinkachapa ndi kusita zovala za alendo, ndinatenga malipiro anga a miyezi iwiri, ulendo unapsa.

Njinga imene ndinapalasa kuchokera kumudzi ndinaisiya pakiliniki m'manja mwa anesi, nkukaima pamsewu. Cha m'ma seveni kunatulukira vaneti yopita ku Chipata, kumbuyo kutadzaza matumba a mpunga ndi anthu atakhala pamwamba pake. Mtengo unali faifi pini, ndiye kuti makwacha zikwi zisanu. Wolandira ndalama atatambasula dzanja, ndinaona kuti ndi Lazaro.

Lazaro ndiye anandichotsetsa sukulu, kapena ndinene kuti ndinadzichotsa ndekha pa iye. Tili Giredi 6, panali kanyimbo kamene anyamata ankandiimbira ndikamadutsa. Ndi ka m'Chikunda, koma m'Chinyanja kamati:

A Sakala liwiro, a Sakala liwiro,
njovu yangotsokomola, iwo ali kutsidya.
Nsapato asiya, bulangeti asiya,
chimanga chapeza mwini watsopano.

A Sakala ndi atate anga. Tsiku lina tikulima m'dimba la sukulu, Lazaro anaimba kanyimboko pafupi ndi khutu langa. Ndinamutembenukira ndi mpini wa khasu, dzino lakutsogolo linagwera mumzere wa repu. Ahedi anati ndibwere ndi kholo. Sindinabwerereko. Atate anandikalipira, anandinyengerera, koma chifukwa chake sindinawauze. Ndikanayamba bwanji kuwaimbira nyimbo yowatcha amantha?

Tsono ndinapereka faifi pini ija osayang'ana nkhope, iye analandira osayang'ana yanga. Msewu wa ku Chipata masiku amenewo unali fumbi ndi mabampu okhaokha, ngati wina anayala malata pansi nkuwathira dothi. Mano ankagundana, akashembe nawo ankakwera ulere nkumatiluma m'khosi. Lazaro anakhala pachitseko cha kumbuyo akuimba mluzu kudzera pampata wa dzino umene ndinamupangira ine. Ndinatchera khutu ulendo wonse kuti ndimve ngati ndi nyimbo ija. Inali ya kutchalitchi, koma ndinakwiyabe.

Pa Jumbe tinaima kuti dalaivala athire madzi m'injini, ife tinagula zitumbuwa. Pachitunda chotulukira m'chigwa vaneti inakana. Amuna tonse tinatsika nkukankha, amayi akutilimbikitsa ali pamatumba. Mkulu wina wa chipewa anati, "Talipira kuti galimoto itinyamule, tsopano ndife tainyamula. Ibweze chenji." Tinalowa mu Chipata fotini awazi, tu koloko masana, itakwana, tonse tili ofiira ngati njerwa.

Ndinapita kumasitolo a amwenye kukagula kaseti yopanda kanthu. Wogulitsa anafunsa ngati ndikufuna ya sikisite kapena ya nainte. Sindinadziwe kuti munthu wakufa amakhala ndi mawu ochuluka bwanji, choncho ndinatenga ya nainte, tu pini. Ndinagona ku Kapata kwa banja lina la mpingo wathu.

Lachiwiri ndinafika pasiteshoni faifi koloko. Masiku amenewo mabasi a boma anali atangothetsedwa kumene, ndipo a eni ake ankalimbirana anthu ngati akhwangwala. Wina anandikoka chikwama, wina dzanja. Ndinasankha basi imene inkaoneka yodzaza, ndikuti inyamuka msanga, ndinalipira fifitini pini. Injini inkalira, hutala ikulira, koma matayala ali chiimire. Kenaka ndinaona chodabwitsa: munthu weniweni wa katundu akakwera, mmodzi mwa okhala kale ankatsika mwakachetechete nkupita. Anali anyamata olembedwa ganyu yokhala pamipando kuti basi izioneka yodzaza.

Mutu unanditentha. Ndinaimirira kuti ndikaonane ndi kondakitala, koma mayi amene ndinakhala naye anandigwira lamba. Anali amake Dalitso, ochita malonda a mtedza pakati pa Chipata ndi Lusaka.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Akutinamiza awa."

"Inde akutinamiza. Mukawamenya basi idzaza?"

Ndinakhala pansi. Tinanyamuka naini koloko.

Katete, Sinda, Petauke, msewu wa tala koma wa maenje oti mbuzi nkubisalamo. Pa Nyimba mazenera anadzaza nthochi, mkoko wonse faifi handiredi, ndipo amake Dalitso anandiphunzitsa kuti usapereke ndalama nthochi zisanalowe, poti basi ikanyamuka mlandu watha. Anandifunsa za kwathu. Nditati ku Malambo, kuchigwa cha Luangwa, anaseka.

"Ndiye inu ogona ndi njovu? Nanga ku Lusaka mukukagula chiyani?"

"Ndikukatenga mawu a amayi anga."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana chikwama changa, osafunsanso. Anangondisendera nthochi.

Kuchokera pa Kacholola msewu unayamba kupindika m'mapiri, basi ikulira ngati ng'ombe yokoka ngolo yolemera. M'munsi mwa phompho munkaoneka mafupa a malole akale. Aliyense anakhala chete, ngakhale mlaliki amene anatisokosa kuyambira pa Katete. Cha m'ma fifitini awazi tinatsikira pamlatho wa Luangwa. Sindinayembekeze kuti mtima ungandigunde chifukwa cha madzi, koma unali mtsinje wathu womwe uja umene ndimayang'ana ndikamayanika mashiti a alendo ku Chinzombo.

"Madzi akwanu afika kuno osalipira fifitini pini," anatero amake Dalitso.

Kutsidya kwa mlatho tinadya nsomba yokazinga, ena anagula madengu ndi nsomba zouma mpaka basi yonse inanunkha ngati msasa wa asodzi. Tinalowa mu Lusaka dzuwa litangolowa. Mng'ono wa a Mulenga anandichingamira nkupita nane kwawo ku Mtendere. Poti Abemba ndi ife akum'mawa ndife achimbuya, otonzana mwanthabwala, moni wake unali woti, "Mbuya, pepani, mbewa tilibe m'nyumba muno." Ndinayankha kuti palibe kanthu, nyani amene aphika ndidya yemweyo. Tinagwirizana pomwepo.

Lachitatu anandikweza minibasi, fo handiredi mpaka m'tauni, nkundilozera njira iye akuthamangira kuntchito. Ndinasochera kawiri. Nyumba ya zalusoyo ndinaipeza cha m'ma leveni: mpanda wa njerwa, mitengo ya maluwa ofiirira itagwetsa maluwa ake pabwalo, ndi mlonda wa yunifolomu yotuwa pachipata.

"Mwabwera kudzaona chionetsero kapena kudzagulitsa ziboliboli?" anafunsa, maso ali pa nsapato zanga.

Lilime linandiyabwa, koma ndinakumbuka mtengo wa bwemba. Ndinatulutsa kalata. Anaiwerenga mpaka pansi, nkunena kuti amayi a kuchipinda cha matepi atuluka, atsegula fotini awazi, ndiyambe ndazungulira.

Chipinda choyamba chinali chachikulu ngati tchalitchi, makoma oyera, zithunzi zili ndandanda. Anthu ankayenda pang'onopang'ono manja kumbuyo, akunong'ona ngati pamaliro. Zithunzi zina zinandigwira: mayi wogulitsa makala, wojambulidwa bwino mpaka ming'alu ya kuzidendene. Zina zinali mitundu yongothiridwa, ndipo ndinaganiza kuti mwini wake anakwiya ali pakati pa ntchito, zimene ndinazimvetsa. Panalinso njovu yaikulu, ya maso ofatsa ndi nsidze zazitali ngati mkwatibwi. Mnyamata wa tsitsi lopotana amene anaijambula anaima pambali pake.

"Mukuiona bwanji, mudala?"

"Munaionapo ikudya chimanga chanu?"

"Ndinaiona m'buku."

"Ndi chifukwa chake mwaikonda."

Anaseka, nkundifunsa mmene khutu la njovu yolusa limakhalira. Ndinamusonyeza ndi manja, iye akujambula pakapepala. Aka kanali koyamba munthu wa ku Lusaka kundifunsa kanthu. Panja panali munthu wopangidwa ndi zitsulo zakale, nthiti zake zili masipoko, msana uli tcheni cha njinga. Tchenicho chinali chabwino kuposa cha njinga yanga, ndipo ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa nkhope yake.

Kenaka ndinalowa m'chipinda cha mabuku. Fungo lake linandibweza ku Giredi 6 mwadzidzidzi. Munali mabuku a Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi a Chizungu osawerengeka. La Chikunda ndinafunafuna, sindinalipeze. Patebulo lalitali panakhala anyamata ndi atsikana a msinkhu wanga, wina akuwerengera anzake ndakatulo yake motsitsa mawu, iwo akumukonza. Ndinatsegula buku limodzi, ndinawerenga tsamba ndi chala, nkulibweza. Ndinatuluka msanga.

Ndinapita kuseri kwa nyumbayo kuti ndikadye mtedza wanga pamthunzi. Ndisanamasule, ndinamva mkazi akukuwa. Pansi pa shedi ya malata, mwamuna wamimba anali atavula lamba, mkazi ali chogwada akutchinga kumaso. Anthu asanu anakhala pabenchi akungoonerera, wina akudya chimanga. Ndinaganiza kuti ndi mmene alili anthu a m'tauni. Sindikumbuka kuti ndinadumpha bwanji mpanda wa maluwa. Ndinangozindikira ndagwira mwamunayo pakhosi pa malaya, mabatani akuuluka.

"Iwe! Ndi sewero!" anakuwa wa chimanga uja. "Tikuyeserera sewero!"

Ndinamusiya. Mwamunayo ankapuma ngati chule, akugwira malaya ake ong'ambika. Mkazi uja anali akadali pansi, koma tsopano akugubuduzika ndi kuseka.

"A Lungu," anatero akupukuta misozi, "miyezi iwiri takhala tikukuuzani kuti simukuoneka oopsa. Lero mwakhoza."

Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Mayiyo anadzuka, anakutumula chitenje, nkundifunsa chimene ndadzera. Nditamupatsa kalata anati, "Ndiye ndinu mlendo wanga. Ndine amayi Tembo, a kuchipinda cha matepi. Tiyeni, musanatiphere osewera onse."

Chipinda chawo chinali chaching'ono, chozizira, mashelefu odzaza mabokosi afulati. Amayi Tembo anali Ansenga a ku Petauke, choncho nditayankhula Chikunda tinamvana bwinobwino. Anapeza khadi lija, anakwera pampando, natsitsa bokosi. Tepi yake inali yozungulira ngati mbale. Anaikoleka pamakina, anandiveka zomvera za kumakutu, iwo navala zina.

Poyamba kunali mphepo yokha. Kenaka tambala. Kenaka misi itatu ikugunda mumtondo mosinthana, ndipo ndinamva fungo la gaga ngakhale ndinali m'chipinda cha simenti. Mawu a mwamuna ananena dzina la mudzi wathu, nati, "Wotsogolera ndi amake Yotamu."

Yotamu ndine.

Njira yonse ndinkayembekeza mawu a munthu wamkulu, olemera, a mayi. Amene anatuluka anali a mtsikana, okwera, osasa pang'ono, a munthu wa msinkhu wanga amene akuvutika kuletsa kuseka. Sindinawazindikire. Ndinachita manyazi kuti mwana sadziwa mawu a amake. Koma pomaliza nyimbo yoyamba, yonena za apongozi obisa mchere, anakoka mpweya m'mano, tsss, ndipo thupi langa lonse linakumbuka. Ankatero akamandichotsa minga kuphazi.

Anaimba yachiwiri, ya mvula yochedwa. Itatha ndinawamva akuuza ophunzira aja kuti, "Iyi ikubwerayi ndi yanga. Ndinaipeka ndekha." Akazi anzawo anayamba kuseka nyimbo isanayambe. Misi inagunda.

A Sakala liwiro, a Sakala liwiro.

Ndinavula zomvera zija nkuziponya patebulo. Mpando unagwa kumbuyo kwanga. Ndinati tepiyi ndi yabodza, asakaniza, ndipo ngati ndi yoona aitenthe. Ndinauza amayi Tembo zonse mokuwa: dimba la sukulu, mpini, dzino la Lazaro, mabuku a m'chipinda chija amene ndimawerenga ndi chala. Zaka zonsezi ndinkadana ndi mudzi wathunthu chifukwa cha nyimbo imeneyi, kusadziwa kuti inatuluka m'nyumba mwathu momwe. Ndipo atate, akhungu, akudikira pansi pa bwemba kuti ndiwabweretsere chipongwe m'kaseti ya tu pini?

Amayi Tembo anaimitsa makina. Sanaope, sanakweze mawu.

"Dzutsani mpandowo."

Ndinaudzutsa.

"Khalanipo. Mwandidulira sewero pakati, ndakukhululukirani. Nyimbo ya amayi anu simuidula pakati m'chipinda changa. Kodi kwanu simudziwa kuti pamtondo ndi pabwalo la akazi? Zimene sanganene pamaso pa mwamuna amazisinjira pamodzi ndi chimanga, mwamunayo ali pomwepo akusema mpini, akumva. Matepi awa ndawamvera onse. Nyimbo zotere zili ngati nzimbe, kunsonga nkosakoma. Anyamata akusukulu anakupatsani nsonga yokha."

Anabweza tepi pang'ono. Ndinavalanso zomvera. Inadutsa njovu yotsokomola, zinadutsa nsapato ndi bulangeti, chinadutsa chimanga chopeza mwini watsopano. Apa ndi pamene nyimbo inkathera masiku onse a moyo wanga. Koma misi sinaleke. Mawu aja anatsika pang'ono, kuseka kunachokamo.

Nsapato asiya, bulangeti asiya,
koma mwana wanga ali kumsana.
Chimanga tidzabzala china,
Yotamu ndikanamubzala kuti?

Akazi anaimba nthungululu. Wina patali anati, "Amva, amva, taonani akubisa nkhope," ndipo kumbuyo kwenikweni kunamveka mwamuna akuseka. Kuseka kumeneko ndinakudziwa msanga, poti ndinakusiya kunyumba Lolemba.

Amayi Tembo anatuluka, akuti akukafuna tiyi. Anachedwa dala. Atabwera anakopera zonse pakaseti yanga, ndipo zinangodzaza mbali imodzi, ina inatsala yopanda kanthu. Analemba pachikuto dzina la mudzi ndi la amayi, nathyola timano tiwiri ta pamwamba pa kaseti kuti wina asadzajambulirepo nyimbo za rumba. Ndinafunsa kuti ndilipire zingati.

"Ife timangosunga," anatero. "Eni ake ndinu. Koma mukapepesenso kwa a Lungu, malaya aja anali a ku ofesi."

A Lungu ndinawapatsa mtedza wanga wonse. Anaulandira, nati ndikhale pabenchi ndionere sewero lija kuyambira poyamba, koma manja ndiwakhalire. Ndinawakhaliradi. Pamene ndinalowerera paja, mkazi ankayenera kugwira lamba m'mwamba, kumulanda, nkumuthamangitsa mwamunayo kuzungulira shedi mpaka akabisale kwa amake. Ndikanadikira pang'ono chabe, ndikanaseka pamodzi ndi ena.

Lachinayi ndinakwera basi yobwerera, kaseti ili m'thumba la malaya, dzanja lili pamwamba pake. Anyamata okhala pamipando analiponso, ndipo mmodzi ndinamugawira chitumbuwa. Lachisanu m'mawa pa Kapata ndinapeza vaneti yomwe ija. Lazaro anatambasula dzanja. Ndinaikamo faifi pini, koma dzanjalo sindinalisiye.

"Muli bwanji, Lazaro?"

Anayang'ana dzanja langa linalo kuti aone ngati muli kanthu. "Ndili bwino, kaya iwe."

"Nyimbo ija. Unkadziwa kuti anapeka ndi amayi anga?"

"Mudzi wonse umadziwa."

"Nanga osandiuza?"

"Akuuze ndani? Ine ndinali ndi mano ena oti ndisunge."

Anthu a pamatumba anaseka osadziwa nkhani. Ndinamufunsa ngati amadziwa mathero ake. Anati iye ankadziwa poyambira pokha, poti ndi pamene pankandikwiyitsa. Ndinamuuza kuti ndinalakwa. Anagwedeza mutu, nandisunthira thumba la ufa kuti ndikhale pofewa. Pachitunda chija, potsika, sitinakankhe.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Mulenga anabwera ndi wailesi yawo ya kaseti ndi mabatire atsopano, anaiika pampando pansi pa bwemba, nati ali ndi makope oti akachonge, nachoka. Atate anakhala pamphasa, nkhope italoza kumene kunalibe kanthu. Ndinatobwanya batani.

Tambala wa m'kaseti atalira, atate anati, "Ameneyo anali wa a Mbao." Mawu a amayi atatuluka anangotambasula dzanja mpaka linapeza wailesi, nalisiya pamenepo. Nyimbo yachitatu itayamba ndinawayang'anitsitsa. Milomo yawo inkatsatira mawu onse, ndipo mapewa anayamba kugwedezeka. Ankaseka, misozi ikutsika m'maso oyera aja.

"Ananama amako," anatero itatha. "Nsapato ziti? Chaka chimenecho ndinalibe nsapato."

Anandifotokozera. Amayi anali kumaliro kutsidya, iwo anapita nane kukalonda chimanga kumsasa wa kumunda, ine ndili ndi zaka ziwiri. Njovu zinabwera zisanu. Amuna ena ankaima nkumaimba zitini ndi kuponya zikuni zamoto, ndipo iwonso ankatero masiku onse. Tsiku limenelo anayang'ana munda, anayang'ana ine, nandiponya kumsana. Chaka chimenecho tinadya za kupempha.

"Ankaiimba ndikamukwiyitsa," anatero. "Ndikamva poyambira, ndinkadziwa kuti ndalakwa. Akafika kothera, ndinkadziwa kuti mlandu watha."

"Atate, nyimbo imeneyi ndiyo inandichotsa sukulu. Lazaro ankandiimbira. Ndinkadziwa poyambira pokha."

Nkhuku zinayamba kulowa m'khola.

"Ukanabwera kudzandifunsa," anatero, "ndikanakuimbira yonse."

Ulendo wa ku Lusaka unandidyera malipiro a miyezi iwiri, ndipo nyumba yaikulu ija, ndi zithunzi zake ndi mabuku ake, inandipatsa mizere inayi imene inali pakhomo pathu nthawi yonseyi, mkamwa mwa munthu amene ndinkamutsogolera kuchimbudzi m'mawa uliwonse. Ukali sunandichoke, ndisaname. Koma magazi akayamba kukwera, ndimamva misi ija ikugundabe, ndipo nthawi zina ndimadikira.

Atate anapapasa wailesi kufuna batani, osalipeza.

"Bweza," anatero. "Kuyambira pa tambala."